Knuckle ya Golf 5 GTI yapindika: ndigule iti?

Funso: Ndili ndi Golf 5 GTI ya 2008 yomwe ndinagula kuchokera ku South Africa. Mwezi watha ndinagwera m'dzenje usiku pamsewu wa M1. Tayala lakutsogolo kumanzere linaphulika ndipo limu inapindika. Ndinasintha zonsezi, koma galimoto ikukokerabe kumanzere ndipo tayala latsopanolo layamba kale kudyeka mkati. Amakaniko akuti knuckle, chitsulo chomwe chimagwira tayala lakutsogolo ndi shoko yake, ndiyo yapindika. Ku Biwi ndapeza ya Golf 5 ya injini ya 1.6 pamtengo wabwino, ndipo wogulitsa akuti Golf 5 ndi Golf 5 basi. Pa intaneti palinso zatsopano zotchipa. Msuweni wanga wa ku Johannesburg akufuna kunditumizira za aluminiyamu za Passat, ndipo wowotcherera wina akuti atha kuiwongola ndi moto. Ndichite chiyani? Ndine wowerenga wanu wa ku Lilongwe.

Yankho: Achimwene, pepani ndi zomwe zinakuonekeranizo, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zisanachoke m'thumba, paja safunsa anadya phula. Ndikuyankheni kaye mwachidule kuti mtima ukhale pansi. Zowongola ndi moto zija zikaneni lero lomwe. Ya 1.6 ija, mwayi woti ikwane pa GTI ndi wochepa kwambiri, ndipo ndikuuzani momwe mungadziwire nokha m'mphindi zochepa. Za Passat zimakwana, koma zili ndi nkhani yake. Chimene galimoto yanu ikufuna ndi knuckle yachitsulo ya mtundu womwe inatuluka nawo ku fakitale: khomo la shoko la mamilimita 55, mabowo anayi a beringi, ndi makutu awiri omangirapo chonyamulira kalipa ya mabuleki. Koma musanathamangire kukagula, pali chinthu m'kalata yanu chomwe chandiimitsa.

Mwati galimoto ikukokera kumanzere, ndipo tayala lakumanzere lomwelo likudyeka mkati. Zizindikiro ziwirizi sizikuloza kumodzi. Knuckle ikapindika mpaka mutu wa tayala kupendekera mkati (kupendekeka kwa tayala kumeneku kumatchedwa camber), tayala limadyekadi chamkati, koma galimoto yotero kawirikawiri imakankhidwira mbali inayo, kumanja. Kukokera kumbali yomwe inagunda dzenje nthawi zambiri kumachokera ku caster, kutanthauza kuti tayala labwerera m'mbuyo chifukwa control arm (mkono wapansi wogwira tayala) yapindika, bushi yake yakumbuyo yang'ambika, kapena subframe (chitsulo chapansi chomwe control arm imamangidwapo) yasuntha pamabawuti ake. Ndipo tayala latsopano likadyeka mwezi usanathe, imeneyo ndi ntchito ya toe, kutanthauza komwe matayala akuloza, mkati kapena kunja. Matayala akuyang'ana kunja, ndipo wolakwa akhoza kukhala tie rod (ndodo yomwe imakhotetsa tayala mukapinda chiwongolero), kapena kamkono ka knuckle komwe tie rod end imamangidwa. Sindikunena kuti amakaniko anu aphonya ayi. Dzenje lomwe laphulitsa tayala n'kupinda limu lingathe kupindanso knuckle. Koma lingathenso kukhala litapinda zinthu ziwiri kapena zitatu pakamodzi, ndipo knuckle yachitsulo ya Golf ndi yolimba kuposa shoko, control arm ndi tie rod zomwe zimamangidwa pa iyo. Zoyamba kugonja kawirikawiri zimakhala zimenezo.

Ndiye kaikeni galimotoyo pamakina a alayimenti kuti aipime kaye, asanakhudze nati ina iliyonse, ndipo mupemphe pepala la zotsatira. Ambiri amangoyang'ana toe chifukwa ndi yomwe angathe kusintha. Inu muyang'ane camber ndi caster za mbali zonse ziwiri. Pa Golf 5, camber yakutsogolo ilibe bawuti yosinthira. Chomwe chingatheke ndi kusuntha subframe pang'ono kuti mbali ziwirizo zilingane, ndipo siziyenera kusiyana kupitirira theka la digiri. Makina ambiri amakono amapimanso SAI ndi included angle ngati wowayendetsa atapinda chiwongolero uku ndi uku monga makinawo amafunira. SAI ndi kupendekeka kwa mzere wochokera pamwamba pa shoko kukafika pa ball joint (mfundo yolumikiza knuckle ndi control arm), ndipo mukaiphatikiza ndi camber mumapeza included angle. Nambala yachiwiriyi ndiyo imaulula. Ikasiyana kwambiri ndi ya mbali inayo, chopindika chili pakati pa malo awiri aja, ndiye kuti ndi knuckle kapena thupi la shoko. Ikakhala yofanana mbali zonse, pomwe SAI ndi camber zasokonekera limodzi, knuckle ilibe mlandu. Vuto mukalifune pa control arm, pa subframe, kapena pamwamba pomwe shoko imamangidwa kuthupi la galimoto.

Zina mungaone pakhomo pomwepo ndi tepi. Pimani kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, chiwongolero chili chowongoka. Kumanzere kukafupika, tayala labwereradi m'mbuyo. Lowetsaninso zala pakati pa tayala ndi thupi la shoko, kumanzere ndi kumanja, muone ngati mpatawo ukufanana. Ndipo shoko ikachotsedwa, aikepo rula yachitsulo. Shoko za Golf zimakonda kupindikira pamwamba penipeni pa pomwe knuckle imazigwira, ndipo kupindika kwake kumakhala kochepa koti maso okha saona. Munthu akhoza kugula knuckle, kulipira amakaniko, kulipiranso alayimenti, camber n'kukhalabe pomwe inali chifukwa shoko yomwe wabwezeramo ndi yomwe inali yokhota.

Tsopano tinene kuti yapindikadi. Pofunsa m'masitolo mutchule bwino chomwe mukufuna, chifukwa mukangoti habu ambiri amakupatsani beringi ndi mbale yake yomangirapo tayala. Ena amati stub axle, ndipo m'mabuku a Volkswagen amalemba kuti wheel bearing housing. Chitsulo chimenechi chili ngati mphambano pomwe njira zisanu ndi imodzi zimakumana: shoko pamwamba, ball joint pansi, beringi pakati, tie rod end pakamkono, kalipa ya mabuleki m'mbali, ndi sensa ya ABS pakabowo kake. Malo amodzi okha akasiyana, knuckle yonse ndi yolakwika, ngakhale asanu enawo atakwana bwinobwino.

Apa ndi pomwe mawu a wogulitsa uja akugwera. Golf 5 inatuluka mu 2003, GTI yake n'kutsatira chakumapeto kwa 2004, ndipo inamangidwa pamaziko otchedwa PQ35 omwe inagawana ndi Jetta 5, Audi A3 8P, Škoda Octavia yachiwiri, Seat Leon yachiwiri, Touran, Caddy ndi Golf 6. M'thupi lomwelo la Golf 5 munaikidwa injini kuyambira 1.4 ya makilowati 55 mpaka R32 ya makilowati 184. Yanu ya 2.0 TFSI imatulutsa 147. Volkswagen sanaike knuckle imodzi pa zonsezi. Anapanga yaing'ono ya galimoto zopepuka ndi yaikulu ya zolemera ndi zamphamvu, ndipo zikakhala pansi m'fumbi, zitadetsedwa ndi girizi, zimaoneka ngati chinthu chimodzi.

Kusiyana koyamba ndi khomo lomwe shoko imalowamo. Pali la mamilimita 50 ndi la 55, ndipo GTI ndi ya 55. Pitani ndi vernier, chida chopimira mamilimita molondola, musadalire maso. Ogulitsa ena pa intaneti amalemba 54 kapena 49 poti amapima khomo lisanatsegulidwe, choncho chodalirika ndi kupima thupi la shoko yanu. Shoko ya 55 siilowa m'khomo la 50, ndipo zikatero pamapezeka wina wonena kuti tikhomemo tchizulo khomo litseguke, kapena tipale pang'ono ndi girayinda. Musalole. Khomolo limapangidwa kuti litseguke pang'ono chabe, ndipo likakakamizidwa limayamba mng'alu pafupi ndi bawuti. Ena amachita zosiyana, kulowetsa shoko ya 50 m'khomo la 55 n'kukulungapo lata. Lata limatha, shoko n'kuyamba kuterera m'khomomo, ndipo kulemera konse kwa ngodya imeneyo ya galimoto kumadutsa pamenepo.

Kwachiwiri ndi mabuleki, ndipo uku n'kumene mungaone muli chiimire osagwira chilichonse. Golf 5 za injini zing'onozing'ono zambiri zili ndi madisiki a mamilimita 280 ndi kalipa ya mtundu wa FS III. Pa zimenezi chonyamulira kalipa chinaumbidwa pamodzi ndi knuckle, moti mumaona nyanga ziwiri zachitsulo zotuluka pa knuckle yomweyo, pomwe mapadi amakhala. Galimoto za madisiki a 288 ndi 312 zili ndi chonyamulira chapadera chomangidwa ndi mabawuti awiri akuluakulu, ndipo knuckle yake ili ndi makutu awiri oboola basi. GTI yanu ndi ya 312, R32 ndi ya 345. Pa knuckle ya nyanga ija mulibe poti mumangire kalipa yanu yofiira. Wogulitsa akaona zimenezi amatha kunena kuti tengani zonse pamodzi, knuckle, disiki ndi kalipa, ndikuchotserani mtengo. Mukavomera, galimoto ikhala ndi buleki ya 312 kumanja ndi ya 280 kumanzere. Tsiku lomwe njinga ya kabaza idzalowe mumsewu mwadzidzidzi inu n'kuponda buleki mwamphamvu, mbali imodzi idzagwira kuposa inzake, ndipo ABS ndi ESP, zida zoteteza kuti galimoto isaterere, zinakonzedwa poganiza kuti mbali ziwirizo n'zofanana.

Kwachitatu ndi beringi. Pa galimoto izi beringi imabwera pamodzi ndi habu yake ndipo imamangidwa ndi mabawuti kuchokera kumbuyo kwa knuckle. Zilipo za mabawuti atatu ndi za anayi. Ya GTI ndi ya anayi. Komabe kuwerenga mabowo kokha sikokwanira, tengani beringi yanu muiyese pa knuckle yomwe mukufuna kugulayo, ikhale bwino pampando pake popanda kugwedera kapena kukhomerera. Sensa ya ABS imawerenga mphete ya maginito yomwe ili kumbuyo kwa beringi, ndipo kabowo kake kakasuntha pang'ono chabe nyali ya ABS imayaka.

N'chifukwa chiyani ndati mwayi ndi wochepa, osati palibiretu? Chifukwa zida zimasiyana malinga ndi dziko lomwe galimoto inagulitsidwa, ndipo dzina la injini palokha silinena za mabuleki omwe inaikidwa. Ngati ya ku Biwi ija ilibe nyanga, khomo lake ndi 55 ndipo mabowo ndi anayi, ndiye ikhoza kukhala ya banja lanu. Apa palinso nkhani yabwino kwa inu. Simukufunika kusaka GTI yophwasulidwa, zomwe kwathu kuno n'zosowa ndipo eni ake amakweza mtengo akangomva zilembo zitatuzo. Golf ndi Jetta za 2.0 TDI ndi 2.0 FSI, Audi A3 8P, Octavia ndi Golf 6 zomwe zili ndi madisiki a 288 kapena 312 kawirikawiri zimagwiritsa ntchito knuckle yomweyi. Mukafunsa ku Biwi kapena ku Ndirande, funsani za zimenezi.

Kuti mutsimikize, tsegulani buti, nyamulani kapeti, ndipo pafupi ndi tayala la sipeya mupeza sitika yoyera yokhala ndi mizere ya timakodi ta zilembo zitatuzitatu. Yofanana nayo imamatidwanso m'buku la sevisi. Amenewa ndi makodi a PR, ndipo amanena zida zomwe galimoto inatuluka nazo. Ya mabuleki akutsogolo imayamba ndi 1Z kapena 1L. Mwachitsanzo 1ZF ndi ya madisiki a 280, pomwe 1ZE ndi ya 288. Jambulani sitikayo, jambulaninso VIN ya zilembo ndi manambala 17, mutumize kwa aliyense amene ali ndi kataloji ya Volkswagen yotchedwa ETKA, kaya ndi sitolo ya kuno kaya msuweni wanu akafunse ku Johannesburg. Nambala ya knuckle yachitsulo imayamba ndi 1K0 407 255 ya kumanzere ndi 1K0 407 256 ya kumanja, kenako pamabwera chilembo chimodzi kapena ziwiri. Zilembo zakumapetozo ndi zomwe zimasiyanitsa mabanja aja, ndiye munthu akakuwerengerani nambala n'kusiya zilembo, sanakuuzeni kanthu. Pa knuckle yeniyeniyo pamakhala manambala oumbidwa m'chitsulo, koma nthawi zina amakhala ofupikitsidwa kapena osiyana pang'ono ndi a m'kataloji, choncho athandizane ndi vernier.

Dziwaninso kuti VIN imanena zomwe galimoto inali nazo mu 2008, osati zomwe ili nazo lero. GTI ndi galimoto yomwe eni ake amakonda kusinthasintha, makamaka ku South Africa komwe inachokera. Mwini wake woyamba akhoza kukhala ataika mabuleki a R32, mashoko otsitsa galimoto, ngakhalenso maknuckle ena. Amakaniko achotse tayala lakumanja ayang'ane. Ikani maginito pa knuckle: akamata ndi chitsulo, akagwa ndi aluminiyamu. Chomwe mugule chifanane ndi chomwe chili kumanjako.

Pa nkhani ya mbali anthu ambiri amataya ndalama poitanitsa kunja. Kumanzere ndi kumanja kumawerengedwa munthu atakhala pampando akuyang'ana kutsogolo, osati ataima kutsogolo kwa boneti. Ogulitsa a ku America akalemba kuti driver side amatanthauza kumanzere, pomwe ife dalaivala amakhala kumanja. A ku Britain amalemba N/S ya kumanzere ndi O/S ya kumanja. Inu gwirani nambala, 255. Knuckle yokha siisiyana pakati pa galimoto ya chiwongolero chakumanja ndi ya chakumanzere, ndiye yochokera ku Germany ikwana chimodzimodzi ndi yochokera ku Japan.

Kodi yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino? Ine ndimakonda knuckle yeniyeni ya Volkswagen yochotsedwa pa galimoto ina kuposa yatsopano yopanda dzina. Knuckle siitha ngati mapadi kapena mabushi, imawonongeka ndi kugundidwa, dzimbiri kapena manja a munthu. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti galimotoyo inafa ndi chiyani. Yofa injini kapena giyabokosi, kapena yogundidwa kumbuyo, ndi yomwe mukufuna. Yogundidwa kutsogolo kumanzere isiyeni, ngakhale knuckle yake ikuoneka yosalala. Ngati n'kotheka, kaoneni akuichotsa pa galimotopo. Itsukeni ndi petulo, ipukuteni, muiyang'ane padzuwa. Chitsulo chikapindika, utoto ndi dzimbiri zimasuwuka pamalo opindikawo n'kusiya kachigamba koyera, makamaka pakhosi la khomo la shoko ndi patsinde pa kamkono ka tie rod. Lowetsani ball joint ndi tie rod end m'mabowo ake otsetsereka aja. Zikhale zothina musanamange nati. Zikagwedera, kapena zikalowa mozama kwambiri, bowolo lakula ndipo palibe nati yomwe ingakonze zimenezo. Onani ngati pali zipsera za hamala, malo odetsedwa ndi moto, kapena utoto watsopano pa chitsulo chakale. Zochokera ku Britain muziyang'anitsitse dzimbiri, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo kabawuti ka sensa ya ABS kamakonda kuthyokera momwemo.

Zatsopano za pa intaneti zili mitundu iwiri. Zilipo zopangidwa ndi makampani odziwika a zida za galimoto, zokhala ndi dzina, nambala yawoyawo, ndi nambala ya Volkswagen yomwe zikulowa m'malo mwake, zilembo zakumapeto zili pomwepo. Zimenezo gulani ndi mtima umodzi. Ndiye pali zomwe zimangolembedwa kuti zimakwana Golf 5 iliyonse kuyambira 2003 mpaka 2009, popanda kutchula 50 kapena 55. Wogulitsa wotero sakudziwa chomwe akugulitsa, kapena sakusamala. Ndipo vuto la knuckle yotchipa silioneka pogula. Mabowo akasemedwa mophonya ndi milimita imodzi yokha, camber imasintha, ndipo ndanena kale kuti pa galimoto iyi mulibe posinthira. Muwerengerenso mtengo wotumizira ndi msonkho wa ku MRA, chifukwa chitsulochi n'cholemera, ndipo chikafika cholakwika kubweza kwake n'kovuta.

Za msuweni wanu zija ndi zenizeni, sakukunamizani. Passat B6, yomwe nambala zake zimayamba ndi 3C0, ili ndi maknuckle a aluminiyamu olandira shoko ya 55, ndipo eni ma GTI ambiri kunja amawaika pofuna kuchepetsa kulemera kwa zomwe zimadumpha limodzi ndi tayala. Tayala likapepukidwa limatsata msewu bwino, ndipo pabwalo la mpikisano kusiyanako kumamveka. Koma mukasankha njira imeneyi musinthe mbali zonse ziwiri, osati aluminiyamu kumanzere chitsulo kumanja. Msuweniyo asasokonezenso ndi za Audi TT 8J. Nazonso ndi za aluminiyamu ndipo zimamangika, koma malo a ball joint ndi a tie rod anasunthidwa, moti zimasintha kaimidwe ka matayala ndipo zimafuna zida zina za TT yomweyo kuti zonse zigwirizane. Maganizo anga ndi akuti pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, m'nyengo ya mvula pomwe phula limadyeka m'mphepete ndipo tayala lakumanzere ndi lomwe limalandira nkhonya zonse, khalani pa chitsulo. Chitsulo cha mtundu umenewu chikagundidwa chimayamba chapindika, n'kukuchenjezani monga yakuchenjezeranimu. Aluminiyamu youmba siipindika kwambiri isanang'ambike, siifuna hamala ngakhale pang'ono, ndipo ina ikadzawonongeka simudzaipeza msanga kuno. Ngati msuweniyo ali ndi mtima wothandiza, akutumizireni yachitsulo ya 255 pamodzi ndi mabawuti atsopano.

Ndibwerere kwa wowotcherera, chifukwa ndikudziwa kuti mtengo wake ndi womwe ukukoka. Amisiri athu ali ndi luso, ndipo pali zambiri pa galimoto zomwe amapulumutsa. Knuckle siili m'gulu limenelo. Ndi chitsulo choumba chomwe kulimba kwake kumachokera ku momwe chinaziziritsidwira ku fakitale. Pomwe chinapindika chatambasuka kale ndipo mwina muli timing'alu tosaoneka. Mukachifiiritsa ndi gasi n'kuchibweza, mkati mwake mumasintha, pena kufewa pena kuuma ngati galasi, ndipo kuwotcherera kumasiya mzere wouma m'mbali mwa chowotchereracho. Ikhoza kuyenda miyezi ingapo bwinobwino. Koma kamkono ka tie rod kakathyoka, tayala limatembenukira komwe lafuna ndipo chiwongolero chimangozungulira m'manja. Pansi pa ball joint pakathyoka, tayala limagonera m'kati mwa madigadi. Galimoto ya makilogalamu oposa 1,300 pa liwiro la makilomita 100 pa ola, pamsewu womwe m'mbali mwake mukuyenda ana asukulu ndi amayi osenza katundu, si nkhani ya inu nokha ayi. Ndiponso palibe amene angawongole ndi maso mpaka kufika pa theka la digiri.

Kwa ena owerenga omwe ali ndi galimoto zina zamtunduwu, njira yake ndi yomweyi koma manambala ndi ena. Golf 7 ili pamaziko a MQB, nambala zake zimayamba ndi 5Q0, ndipo zida zake si za Golf 5 kapena 6 ngakhale matayala onse ali a mabawuti 5x112 (mabawuti asanu pa bwalo la mamilimita 112). Nayonso ili ndi mashoko a 50 ndi 55, ndipo GTI yake ili ndi madisiki a 312, kapena 340 pa ya Performance. Golf 4 ndi Polo GTI ndi za 5x100. Ndipo pali zina zomwe knuckle yake ili m'zigawo ziwiri, china chogwira shoko china chotembenuka ndi tayala, pofuna kuti mphamvu ya injini isamakoke chiwongolero: Ford Focus RS ya 2009 ndi RevoKnuckle yake, Renault Mégane RS ndi PerfoHub, Opel Astra OPC ndi HiPerStrut, komanso Honda Civic Type R kuyambira 2015. Pa zimenezi knuckle ya Focus, Mégane, Astra kapena Civic wamba siikwana m'pang'ono pomwe.

Knuckle yoyenera ikapezeka, ntchito ikhoza kuwonongekabe poika. Ngati yakumanja ili bwino ndipo yatsopanoyo ndi yofanana nayo, palibe chifukwa chosinthira zonse ziwiri. Koma kumanzereko ikani beringi yatsopano, chifukwa yakaleyo inalandira nkhonya yomwe inapinda chitsulo, ndipo ngakhale isanayambe kulira ili pafupi. Ball joint ndi tie rod end nazonso si zodula poyerekeza ndi kumasulanso zonse kachiwiri. Mabawuti angapo apa amatambasuka pomangidwa ndipo sabwezeredwa: ya khomo la shoko ndi nati yake, anayi a beringi, ndi yaikulu ya pakati yogwira shafti. Ya khomo la shoko imamangidwa 70 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) kenako n'kupotoza madigiri 90. Yaikulu ya shafti ilipo mitundu ingapo, ya mutu wa ngodya 6 ndi ya ngodya 12, ndipo ina imafuna 70 Nm ndi madigiri 90 pomwe ina imafuna 200 Nm ndi madigiri 180. Amakaniko aone mtundu womwe wabwera m'paketi asanamange, ndipo agwiritse ntchito torque wrench, sipanala yopima mphamvu yomangira, osati paipi yaitali ndi kuimapo. Galimoto isatsitsidwe pansi kapena kukankhidwa bawuti imeneyi ili yomasuka, chifukwa beringi yatsopano imawonongeka nthawi yomweyo. Potsegula khomo la shoko pali kachida kake, nambala 3424 m'zida za Volkswagen, kamene kamalowa pampata n'kupotozedwa pang'ono. Pampando pa beringi ndi pa habu pomwe disiki imakhala papukutidwe mpaka kuyera, popeza kadzimbiri kochepa pamenepo kamabweretsa kunjenjemera poponda buleki. Mabawuti a tayala ndi 120 Nm.

Mukatero bwererani ku makina omwe aja, muyerekeze pepala latsopano ndi loyamba. Included angle ya mbali ziwiri ikhale itayandikana. Caster yakumanzere ikakhala yotsikabe, ndiye kuti control arm kapena subframe ikadali ndi nkhani, ndipo zikonzedwe toe isanasinthidwe. Chiwongolero cha Golf 5 ndi chamagetsi, ndipo chimadalira sensa yotchedwa G85 kudziwa pomwe pali pakati. Alayimenti ikatha, sensayo iuzidwenso pakati patsopano pogwiritsa ntchito kompyuta, monga ya pulogalamu ya VCDS, apo ayi chiwongolero chimatha kumakokerabe mbali imodzi ngakhale zitsulo zonse zili zowongoka, kapena ESP kumalowerera pokhota popanda chifukwa. Tayala lodyeka mkati lija nalonso limakoka palokha, ndiye poyesa galimoto musinthanitse akutsogolo ndi akumbuyo kuti lisakusokonezeni. Pakatha sabata, amakaniko aikwezenso pa jeke aone ngati shoko yakhala pamalo pake m'khomo, ngati waya wa sensa ya ABS ndi paipi ya buleki sizikukhudza tayala chiwongolero chikapindidwa mpaka kumapeto, ndi ngati nati za ball joint zikadali zothina.